Ana otsalira: kuchokera pa maseti a MCDE kufika pa makalasi a masana



Masabata awiri apitawa tinali ndi msonkhano wa aphunzitsi pasukulu pathu. Nkhani yaikulu inali ya ana a Fomu 1 amene tawalandira chaka chino. Mphunzitsi wa Chingerezi anawapatsa kandime kakafupi kuti awerenge mokweza mmodzimmodzi, ndipo zimene anapeza ndi zomwe tonse timazidziwa koma sitikonda kuzinena. Alipo ana, osati mmodzi kapena awiri, amene amaloza liwu lililonse ndi chala, kulitchula movutikira, ndipo akamafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala kale kumene anayambira. Ana amenewa anakhoza mayeso a Sitandade 8, anasankhidwa, ndipo makolo awo anagulitsa mbuzi kuti awagulire yunifolomu.

Mphunzitsi wina wachinyamata, yemwe wangobwera kumene kuchokera ku koleji, anaimirira nati tiyambitse chinthu chatsopano, makalasi apadera a masana othandiza ana oterewa. Asanakhale pansi n'komwe, wina kumbuyo anafunsa kuti, "Nanga atilipira ndani?" Tonse tinaseka. Ine ndinaseka nawo, koma chimene chinandiseketsa ndi liwu lija lakuti chatsopano. Zaka zanga zonse za pachoko, ndi zaka zanga za ubwana zomwe, ndakhala ndikuona dziko lino likuyesa njira iyi ndi iyo pofuna kuthandiza mwana wotsalira. Ine mwini ndine mwana wotsalira amene njira imodzi mwa izo inamutola. Ndiye ndati ndilembe zimene ndikukumbukira ndi zimene ndikudziwa, kuti anzathu achinyamata adziwe kuti munda umene akufuna kulimawu unalimidwapo kale.

Tiyambire kutali pang'ono, koma sindikhalitsako. Sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza inabwera mu 1951. Pamene tinkalandira ufulu mu 1964, sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndithu. Khomo linali lopapatiza kotero kuti funso lakuti tithandize bwanji mwana wovutika m'kalasi silinkafunsidwa kwenikweni. Ntchito ya sukulu inali kusefa. Wolephera ankabwerera kumunda, kapena kulowera ku Joni ndi ku Halale, ndipo panalibe woona chachilendo.

Njira yoyamba yothandizira wotsalira sinachokere ku unduna ayi. Anaiyambitsa ndi makolo eni ake, ndipo dzina lake ndi kubwereza. Anzanga a msinkhu wanga mukukumbukira mmene Sitandade 8 inkakhalira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. M'kalasi imodzi munkakhala kamwana ka zaka khumi ndi zitatu pamodzi ndi amuna ometa ndevu. Munthu ankakhoza mayeso bwinobwino koma osasankhidwa, chifukwa malo ku sekondale anali ochepa. Ndiye ankabwereza, kachiwiri, kachitatu, ena mpaka kasanu. Ena ankasamukira kwa amalume m'boma lina, ena kusintha dzina, ena kuchepetsa zaka. Alipo akuluakulu olemekezeka lero lino amene dzina lili pa satifiketi yawo ndi la mng'ono wawo, ndipo kumudzi amaitanidwa ndi dzina lina. Sinditchula munthu, musaope.

Ine ndinalemba kawiri, mu 1983 ndi 1984. Ulendo wachiwiriwo ndinali nditaloweza mapepala a mayeso a zaka zammbuyo ngati katekisimu. Mayina a osankhidwa atatuluka, langa munalibe. Bambo anga sananene kanthu tsiku limenelo, anangotenga khasu n'kupita kudimba.

Cholakwika cha kubwereza chinali chakuti mwana ankapatsidwa phunziro lomwelo, mwa njira yomweyo, ndi mphunzitsi yemweyo. Ngati sanamve tizigawo ta masamu chaka choyamba, chaka chachiwiri ankangomvanso mawu omwewo. Komanso obwerezawo ankatsekereza ang'ono awo, popeza amene wakhala zaka zitatu mu Sitandade 8 amaposa wolemba koyamba. M'zaka za m'ma 1990 boma linayamba kupereka mwayi waukulu kwa olemba koyamba posankha, pofuna kuthetsa mchitidwewu, ndipo kusintha mayina kuja kunangowonjezereka.

Pa nthawi yomweyo, dziko linkadziwa bwino kusamala mwana wanzeru. Mu 1981 Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu. Kumeneko kunkapita ana ochepa okhoza kwambiri ochokera m'boma lililonse, kukaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera kunja. Sindikunyoza, anatuluka kumeneko madokotala ndi maloya amene akutumikira dziko. Ndikungonena kuti thandizo lapadera lalikulu kwambiri la nthawi imeneyo linkapita kwa amene anali kale patsogolo.

Ife otsala tinali ndi MCC. Apa ndikhalitsapo, chifukwa achinyamata ambiri amangomva dzina, ena amaligwiritsa ntchito ngati chitonzo.

Malawi Correspondence College inakhazikitsidwa mu 1965, chaka chimodzi chokha chilandirireni ufulu, ndipo likulu lake linali ku Blantyre. Maganizo ake anali osavuta kumva. Ngati boma silingathe kumanga sukulu ndi kupeza aphunzitsi okwanira ana onse okhoza Sitandade 8, phunziro lilembedwe papepala ndipo pepalalo lipite kumene kuli mwana. Timabuku timeneti ndi timene tinkatitchula kuti maseti. Seti iliyonse inali ndi phunziro lofotokozedwa pang'onopang'ono, zitsanzo, ndi mafunso kumapeto. Panalinso maphunziro a pawailesi ya MBC, ndipo mu 1973 nthambi ya maphunziro a pawailesi inaphatikizidwa ndi kolejiyo. Mu 1987 dzina linasintha kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE imene ambiri mukuidziwa.

Poyamba munthu ankayenera kuwerenga yekha kunyumba ndi kutumiza mayankho ake papositi. Koma mwana wa zaka khumi ndi zisanu sangadziphunzitse yekha jiyometiri pansi pa mtengo wa mango. Choncho midzi inayamba kumanga malo oti ana azisonkhanapo, ndipo boma linkatumizapo aphunzitsi a ku pulayimale kuti aziyang'anira. Pamalamulo ntchito yawo sinali kuphunzitsa, koma kuona kuti ana akuwerenga maseti ndi kumvera wailesi. Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, ukamupatsa bolodi ndi choko amaphunzitsa basi.

Ine ndinalowa pa malo otere mu 1985. Tinkaphunzirira m'nyumba imene makolo anaumba njerwa okha, yopanda magalasi m'mazenera. Labotale kunalibe, ndipo chinthu chotchedwa maikulosikopu ndinachiona koyamba ndili kale mphunzitsi. Ochokera kutali tinkachita lendi timanyumba pafupi ndi msika, kudziphikira tokha, ufa kukatenga kumudzi Lachisanu. Kwa anyamata zinali zopiririka. Kwa atsikana moyo umenewu unali woopsa, ndipo anzathu angapo amene ankatiposa nzeru sanafike pa mayeso a JC. Tikakumana ndi anzathu a ku sekondale zenizeni pa tchuthi, atavala mataye awo, ankatifunsa moseka ngati maseti afika.

Nthawi zina sankafikadi. Koma akafika, maseti aja anali ndi ubwino umene sindinauonenso m'buku lina lililonse la sukulu. Analembedwa ndi munthu amene ankadziwa kuti wowerengayo alibe womufunsa. Sankadumpha sitepe. Ukapanda kumva, unkabwerera tsamba lammbuyo n'kuyambiranso, popanda wokuseka. Tinkakhala anayi kapena asanu kuzungulira nyali ya koloboyi, seti imodzi pakati, wina kuwerenga mokweza, ena kutsutsa. Masamu amene ndikuphunzitsa lero ndinawamva mwa njira imeneyo.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. Ambiri ankakhoza JC, koma pa MSCE zotsatira za malo amenewa zinali zomvetsa chisoni chaka ndi chaka. Komabe pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, ana ophunzira m'malo a MCDE anali ochuluka kuposa a m'sukulu za sekondale za boma. Chimene chinayamba ngati chothandizira chapambali chinasanduka msewu waukulu, koma ndalama ndi aphunzitsi zinkapitabe ku kanjira kakang'ono kaja.

Ndi JC yangayo ndinapita ku koleji ya aphunzitsi a pulayimale. MSCE ndinadzalemba ndili kale pantchito, nditaphunzira ku sukulu ya naiti, imene inali njira inanso ya otsalira. Masana ndinkaphunzitsa Sitandade 6, madzulo ndinkakhala pa desiki pamodzi ndi amesenjala, apolisi ndi amayi oyamwitsa.

Kenaka kunabwera 1994. Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Amene tinali m'kalasi nthawi imeneyo sitidzaiwala m'mawa umene ana anangoti khamu pabwalo, ena atabereka ang'ono awo, ena opanda ngakhale pensulo. Chinali chinthu chabwino, ndipo ndidzachiikira kumbuyo mpaka kumanda. Mwana wa mayi wamasiye amene ankabwezedwa chifukwa cha makwacha ochepa analowa m'kalasi. Koma paja walira mvula walira matope. Boma linalemba aphunzitsi oposa 15,000 osaphunzira ntchito, kuwapatsa kosi ya masabata owerengeka, n'kuwatumiza kukaima pamaso pa ana zana limodzi kapena kuposerapo, nthawi zambiri pansi pa mtengo. Pulogalamu ya MIITEP, imene inayamba mu 1997, inali yoti aphunzitsi amenewa aphunzire ntchito ali kale pantchito.

M'kalasi ya ana 120, mwana wotsalira saoneka. Amakhala kumbuyo, amayankha nawo pamene onse akuyankha pamodzi, milomo ikuyenda. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Tamvana?" kalasi yonse imati, "Eee!" Kusadziwa kuwerenga kumabisika mwa njira imeneyi kwa zaka zinayi kapena zisanu. Ana amene analowa Sitandade 1 mu 1994, amene sanabwereze, anafika Sitandade 8 cha m'ma 2002, ndipo ife a ku sekondale tinayamba kuona kusintha m'zaka zotsatira. Vuto limene tinkakambirana pamsonkhano wathu uja mizu yake ili pamenepo.

Kumapeto kwa 1998 boma linalengeza kuti malo a MCDE aja asanduke Community Day Secondary School, ma CDSS athuwa. Tinasangalala. Ana athu tsopano anali a sekondale monga ena onse, osankhidwa ndi boma, ndipo chitonzo chinayamba kuchepa. Ine ndinali mmodzi mwa aphunzitsi a pulayimale amene anapezeka akuphunzitsa kumeneko, ndipo dipuloma yanga ndinadzaipeza kudzera m'maphunziro a patali a ku Domasi College of Education, amene anayamba cha m'ma 2000 ndi thandizo la dziko la Canada pofuna kukweza aphunzitsi onga ine.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikwangwani chinasintha, nyumba zinali zomwezo, aphunzitsi omwewo, labotale kulibe. Ndipo maseti anasiya kubwera, popeza tsopano tinali sukulu yeniyeni yoyenera kugwiritsa ntchito mabuku enieni, amene nawonso kunalibe okwanira. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti tinataya chinthu. Chida chokhacho chimene chinapangidwira mwana wopanda mphunzitsi wokwanira tinachisiya, pamene mwanayo anali akadali wopanda mphunzitsi wokwanira. Onjezerani mmene kusankha kumayendera. Okhoza kwambiri amapita ku sukulu za dziko lonse, otsatira ku sukulu zogonera za m'boma, kenaka zoyendera, ndipo ma CDSS amalandira omalizira. Ana ofunika thandizo lalikulu amapita kumene kuli zipangizo zochepa.

Pamene boma lasiya mpata, msika umalowapo. Ndikunena za part-time.

Aphunzitsi anzanga, tisanamizane pano. Ambiri a ife tinachitapo, ine ndemwe. Malipiro ankatha pa 10, ana kunyumba akufuna sopo ndi ndiwo, ndipo makolo ena ankabwera okha kudzapempha kuti mwana wawo tizimuonako masana. Poyamba zinali zothandizadi otsalira. Koma posakhalitsa zinatembenuka. Obwera ku part-time anali amene makolo awo anali ndi ndalama, ndipo kawirikawiri amenewo sanali otsalira kwenikweni. Choipitsitsa, aphunzitsi ena anayamba kusunga mitu yofunika ya silabasi kuti akaiphunzitse masana kwa olipira. Unduna wakhala ukuletsa mchitidwewu kangapo konse, ndipo makalata oletsawo timawawerenga, kuwasainira, n'kuwaika mu fayilo.

Chimene chinandisiyitsa ine si kalata ya unduna. Chaka china ndinali ndi gulu la Fomu 4 limene ndinkaliphunzitsa masamu Loweruka m'mawa. Panali mtsikana wina wa m'kalasi yanga yomwe, wofatsa, wovutika kwambiri ndi aljebra, amene sankabwera chifukwa analibe ndalama. Loweruka lina ndikulemba pabolodi ndinaona mthunzi pazenera. Nditasuzumira ndinamupeza atakhala pansi kunja, atatsamira khoma, kope pamwendo, akulemba zimene akumva osaona bolodi. Atandiona anadzidzimuka n'kunena kuti, "Pepani sala, ndimangodutsa." Kwawo kunali mtunda wa ola limodzi ndi theka. Ndinamulowetsa, koma manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichoke. Temu imeneyo itatha ndinasiya kulipiritsa. Sindikudziyesa woyera, chifukwa ku open school ndinapitirizabe kuphunzitsa ndi kulandira kangachepe. Kusiyana kwake n'kwakuti open ndi yovomerezeka, ndipo imapatsa mwayi amene sanasankhidwe ndi amene akufuna kubwereza MSCE, ngakhale kuti nayonso imafuna thumba.

Tsopano za mabungwe ndi maiko otithandiza. Izi zachuluka kotero kuti sindingazitchule zonse, ndipo zina zinabwera ndi ma T-shirt n'kupita ndi ma T-shirt omwewo. Nditchula zimene ndinaziona zikugwira mwana.

GABLE, imene inayamba mu 1991 ndi thandizo la USAID, inali ya atsikana. Inachotsera fizi atsikana a ku pulayimale fizi isanachotsedwe kwa onse, koma mwayiwo unali wa atsikana osabwereza kalasi. Taganizirani pamenepo. Cholinga chinali chabwino, kulimbikitsa khama, koma mtsikana amene ankavutika kwambiri ndi amene anatsala panja. Chinthu chachikulu cha nthawi imeneyo kwa ine ndi lamulo la 1993 lolola mtsikana amene anachoka chifukwa cha mimba kubwerera kusukulu atabereka. Anzanga aja a ku MCC akanakhala ndi lamulo limeneli, ena mwa iwo bwenzi ali ma hedimisitiresi lero.

Phala nalonso ndimaliwerengera m'gulu la maphunziro othandizira, ngakhale ena angatsutse. World Food Programme inayamba kudyetsa ana m'sukulu za ku Dedza mu 1999, ndipo Mary's Meals inayambira m'dziko muno mu 2002, chaka cha njala ija. Mwana amene wadya phala la likuni amakhala m'kalasi mpaka kuweruka. Ambiri amene timawatcha ogona m'mutu amakhala kuti agona ndi njala.

Mu 2006 unduna unayambitsa Complementary Basic Education, yotolera ana a zaka 9 mpaka 17 amene anasiyira sukulu panjira kapena sanalowemo n'komwe. Ankaphunzira maola ochepa patsiku, pa nthawi imene mudzi wagwirizana, ndipo owaphunzitsa anali achinyamata a m'mudzi momwemo. Cholinga chinali choti ena abwerere ku pulayimale. Mu 2008 kunabwera Tikwere, maphunziro a pawailesi a makalasi oyambirira, ndipo ife akale tinamwetulira poona wailesi yabwereranso m'kalasi.

Kusintha kwenikweni kwa kaganizidwe kunadza cha m'ma 2010, pamene anayamba kuyesa ana aang'ono mmodzimmodzi kuti aone ngati akutha kuwerenga. Zotsatira zinasonyeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la nkhani ya Chichewa. Aphunzitsi a ku pulayimale ankazidziwa kale zimenezi, koma zitalembedwa mu lipoti ndi pamene akuluakulu anadzidzimuka. Kuchokera pamenepo kunabadwa National Reading Programme mu 2016, ndi mabuku atsopano a Chichewa ndi Chingerezi, kuphunzitsa maliwu a zilembo, ndi nthawi yobwereza kwa amene sanamve. Kunabweranso matabuleti. Anayesedwa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe mu 2013, ndipo mu 2023 boma linayamba kuwafalitsa m'sukulu za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT. Nditaona mdzukulu wanga akugwiritsa ntchito tabuleti yotere, ndinazindikira seti yakale ija itavala malaya atsopano. Mwana amayenda pa liwiro lake, akalakwa imamubweza, ndipo simuseka.

Mwaona kuti pafupifupi zonsezi ndi za ku pulayimale, makamaka makalasi apansi. N'zoyenera, chifukwa m'mera mpoyamba. Koma mwana amene wadutsa kale m'masefa onsewo n'kufika Fomu 1 asakutha kuwerenga bwino, palibe pulogalamu yaikulu imene imamudikira. SMASSE, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la Japan, inatithandiza ife aphunzitsi a masamu ndi sayansi kuphunzitsa bwino, koma ndi ya aphunzitsi. Unduna unadzalimbikitsanso timagulu towerengera limodzi, ma study circle, makamaka m'ma CDSS. Pamene mphunzitsi akuyang'anira timathandiza ndithu, ndipo ndi zomwe zija tinkachita pa koloboyi. Koma pamene aphunzitsi athamangira ku open, timagulu timeneti timasanduka bwalo la nkhani za mpira. Ndiponso mwana wosatha kuwerenga amabisala m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi monga ankabisalira m'kalasi ya 120.

Mayeso a JCE atachotsedwa, omaliza atalembedwa mu 2016, ife ena tinadandaula pa chifukwa chomwechi. Mayesowo anali ndi zofooka zake, koma ankatikakamiza kuyang'ana mwana aliyense pakati pa ulendo. Kwa zaka zingapo ana ankayenda kuchoka Fomu 1 mpaka Fomu 4 popanda chowaimitsa, ndipo tsoka linkaonekera pa MSCE pamene nthawi yatha. JCE inabwereranso mu 2021.

Za Covid-19 nonse mukuzikumbukira. Sukulu zinatsekedwa pa 23 March 2020, ndipo makalasi a mayeso anabwerera pa 7 September chaka chomwecho, ena onse mu October. Pa miyezi imeneyo boma linatembenukira ku wailesi, ndipo pa maphunziro a sekondale linatembenukira ku MCDE yomwe ija tinkaiseka, kuti iike maphunziro pa intaneti. Mwana wa m'tauni wokhala ndi foni yabwino anapindulako. Wa kwathu kuno anapita kukakolola, ena kukakwatiwa. Titatsegulira tinauzidwa kuti tichite makalasi obwezeretsa zimene ana anataya, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu akuti remedial anali pakamwa pa aliyense, kuyambira nduna mpaka komiti ya makolo. Anzathu a kummwera anabwerezanso zomwezo mu 2023, namondwe wa Freddy atagumula makalasi ndi kusandutsa sukulu zina misasa ya othawa madzi. Ana amene ali mu Fomu 1 ndi Fomu 2 zaka zino anali m'makalasi apansi a pulayimale pamene sukulu zinkatsekedwa, pa msinkhu weniweni wophunzirira kuwerenga. Ndiye tisamadabwe ndi chala chija choloza liwu lililonse.

Ndikayang'ana zaka zonsezi, ndimaona kuti njira zothandizira otsalira kuno kwathu zakhala zikuthera m'maenje awiri. Zina zimasanduka za olipira, monga part-time. Zina zimadalira ndalama za kunja kapena mtima wabwino wa mphunzitsi mmodzi, ndipo pulojekiti ikatha kapena mphunzitsiyo akasamutsidwa, zonse zimazilala. Chimene sindinachionepo ndi ola lokhazikika pa ndandanda ya sukulu ya sekondale, lowerengedwa ngati gawo la ntchito ya mphunzitsi, loti mwana aphunzitsidwe kuyambira pamene iye ali osati pamene silabasi ikunena kuti ali. Mnzathu amene anafunsa kuti atilipira ndani sanalakwe. Ali ndi mapiriyodi ochuluka pa sabata, ndi makope mazana oti achonge. Kumuuza kuti angodzipereka ndi njira yomwe ija yodalira mtima wabwino.

Zonsezi sindinazinene pamsonkhano paja, ndinangonena pang'ono chabe, chifukwa nthawi inali itatha ndipo anthu ankayang'ana mawotchi. Tinagwirizana kuti tiyese temu imodzi. Lachiwiri ndi Lachinayi, ola limodzi tikaweruka, popanda kulipiritsa. Tinadzipereka atatu: mnyamata wa ku koleji uja, mayi wa Chingerezi, ndi ine. Ana sitiwagawa potengera kalasi koma potengera pamene afika pa kuwerenga ndi kuwerengera. Tinakabwereka mabuku a Sitandade 4 ndi 5 ku pulayimale yoyandikana nafe, ndipo mayi aja anaganiza mwanzeru kuti tiwakute ndi mapepala a khaki kuti nambala ya kalasi isaoneke. Mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu angalole kulephera mayeso kusiyana n'kuti anzake amuone atanyamula buku la Sitandade 4. Dzina la gululi tangoti kalabu yowerenga.

Mavuto aoneka kale. Ana ambiri amachoka kwawo m'mamawa osadya, ndipo pofika 2 koloko mutu sugwiranso. Atsikana okhala kutali akuopa kufika kwawo kutada, makamaka mvula ikayamba. Komiti ya makolo yalonjeza kuti ikambirana zosonkha chimanga cha phala, tiona ngati zitheke. Inu amene munaphunzira pano ndipo muli m'matauni, ngati muli ndi mabuku a nthano osavuta amene ana anu anawasiya, a Chichewa kapena a Chingerezi, musawataye. Ndipo ngati alipo wina amene anasunga maseti akale a masamu a Fomu 1 m'sutikesi, ndikuwafuna kwambiri. Anga anadyedwa ndi chiswe.

Lachiwiri lapitali tinakumana koyamba. Mwa ana amene tinawalemba, pafupifupi theka anabwera. Ena anathawira kuseri kwa zimbudzi belu litangolira, ndinawaona. Mwa obwerawo munali mnyamata wamtali amene amakhala kumbuyo kwenikweni m'kalasi yanga ya masamu ndipo sanayankhulepo chiyambire temu. Ndinamupatsa samu yochotsera, 402 kuchotsapo 178. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa motsitsa mawu, kuti anzake asamve, kuti ukafuna kubwereka koma pakhomo loyandikana nalo pali ziro, umakabwereka kuti. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pake. Lachinayi anabweranso, ndipo anabwera ndi mnzake mmodzi mwa aja a kuseri kwa zimbudzi.